Mmene mungasinthire yunifolomu ya kachidole ka bobblehead

Mwafunsa mmene mungapentere kachidole ka wosewera mpira wa baseball kogwedeza mutu kaja kuti kavale yunifolomu ya timu ina.

Choyamba dziwani kuti n'ka liti. Zidole za m'ma 1960, monga za osewera otchuka Mickey Mantle ndi Willie Mays, zinaumbidwa ku Japan ndi mapepala osakaniza guluu. Zimenezo penti isayandikireko, mungogwetsa mtengo wake. Sankhani za resin (zolimba ngati pulasitiki) zomwe matimu amagawa ulere pageti la bwalo la masewera, chizolowezi chomwe timu ya San Francisco Giants inatchukitsa mu 1999.

Kenako zulani mutu, mukupotoza pang'onopang'ono kuti sipuling'i yogwira mutuwo isapindike, chifukwa ikatero mutu uzingoyang'ana kumbali. Tsukani thupi ndi sopo, liume, mulikweche ndi sandipepa yosalala. Pakani penti yoyambira yoyera, ikauma pakani ya acrylic mopyapyala kawiri kapena katatu. Nkhope isiyeni momwe ilili, maso akawonongeka savuta pang'ono kubwezeretsa.

Nambala ndi chizindikiro cha timu gulani timasitika tonyika m'madzi, zolemba pamanja zimakhota. Malizani ndi vanishi, ndipo mubwezere mutu podontheza guluu pamwamba pa sipuling'i.