Msambo ukachedwa, yezetsani kaye musanamwe mankhwala a ku India

Chaka chino tangokolola, ndalama za soya ndi mtedza zili m'manja, ndipo ogulitsa mankhwala azitsamba adziwa kale. M'misika komanso pa WhatsApp mwadzaza timabotolo ndi timapaketi tochokera ku India tolembedwa kuti Ayurvedic. Wogulitsa akuti amatsegula msambo, amatsuka chiberekero, amathetsa cham'mimba. Chimene chikundiwawa ndi chakuti mayi akangophonya mwezi, akugula botolo n'kuyamba kumwa tsiku lomwelo asanayezetse ngati ali ndi pakati.

Ayurveda ndi njira yakale ya kuchiritsa ya ku India. Kumeneko ili ndi unduna wake, AYUSH, womwe unakhazikitsidwa mu 2014, ndipo dokotala wa Ayurveda amaphunzira zaka zisanu ndi theka. Amamufunsa wodwala, kumupima, kenako n'kusankha mankhwala. Kuno kwafika botolo lokha, dokotalayo anatsala kwawo, ndipo m'malo mwake mwaima mnyamata wa pamsika amene sangakuuzeni zomwe zalembedwa pa chikutocho.

Tengani mapiritsi otchedwa Rajah Pravartini Vati. Muli aloe, hing (utomoni wa chomera china), borax ndi mchere wina wa ayironi, ndipo ntchito yake ndi kukankha magazi kuti atuluke. Madokotala a Ayurveda enieniwo amaletsa woyembekezera kumwa mapiritsi amenewa. Tsono ngati mwezi wadumpha chifukwa cha pakati, mukukankha chiyani? Wina wotchuka ndi Ashokarishta, madzi ofufumitsa opangidwa ndi khungwa la mtengo wa ashoka. Amenewa kwawo amaperekedwa makamaka kwa amene akutaya magazi ambiri, ndipo pofufumapo mumapangika mowa. Koma ndamva amayi akupatsana botolo limeneli kuti litsegule msambo wochedwa. Mankhwala awiri a ntchito zosiyana, ife tangowaika m'thumba limodzi chifukwa onse ndi a ku India.

Chizolowezi chimenechi sichinabwere ndi mabotolo, tinali nacho kale. Mtsikana akachedwa kusamba, azakhali amati magazi atsekeka, akhala oipa m'mimba, pakufunika muzu wowatsegula. Magazi satsekeka m'chiberekero ngati madzi m'dziwe ayi. Msambo umachedwa chifukwa dzira silinatuluke pa nthawi yake, kapena chifukwa lakumana ndi mbewu ya abambo. Kuyamwitsa kumachedwetsa, jakisoni wa miyezi itatu ndi timitengo ta pamkono timasokoneza masiku, kuwonda m'nyengo ya njala, nkhawa, matenda a chithokomiro, ngakhale kuyandikira zaka zosiya kusamba, pakati pa 45 ndi 55. Zonsezi palibe chomwe chimafuna kukankhidwa. Masiku a mayi akamasinthasintha pakati pa 21 ndi 35, palibe cholakwika. Izi tanena kusikelo mpaka mawu kusasa.

Mayi wina wa m'kalabu yathu ya mtedza anandiuza nkhani yake ali chigonere pa mkeka. "Alangizi, mwana wanga akadayamwa, ndiye ndinkati pakati sipangabwere." Mwanayo anali atayamba kale kuyenda! Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha, ndipo msambo usanabwerere. Iye anali atasambapo, kenako mwezi unadumpha, anagula mapiritsi kumsika. Patapita masiku timagazi tinayamba kudontha, m'mimba mukupweteka mbali imodzi, iye n'kumati mankhwala agwira. Usiku anakomoka. Amuna ake anamunyamula pa kabaza, kuchipatala chaching'ono anamutumiza kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anapeza kuti pakati panakhazikika kunja kwa chiberekero, m'chubu chodutsamo dzira, chubucho chaphulika. Anamuchita opaleshoni, anamuika magazi. Moyo anapulumuka, koma chubu chimodzi chinapita, ndalama za mtedza zinathera pa mayendedwe ndi chakudya cha womudikirira, ndipo mtedza wotsala unanyowa pa mulu popanda wouthothola. Mapiritsiwo si amene anaika pakati m'chubu, koma anamupusitsa kuti magazi aja ndi msambo, n'kutaya masiku amene akanathamangira kuchipatala. Pakati potere pamachitika kwa amayi 1 kapena 2 mwa oyembekezera 100 aliwonse, si chinthu chachilendo.

Palinso nkhani ya zitsulo. M'mankhwala ena a Ayurveda, a gulu lotchedwa rasa shastra, amathiramo dala phulusa la zitsulo. Ofufuza a ku Boston, ku America, anagula mankhwala 70 a Ayurveda m'masitolo, ndipo mu 2004 analengeza kuti 14 mwa iwo anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Ku New York, m'zaka za 2011 ndi 2012, amayi oyembekezera 6 anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi atamwa mankhwala a Ayurveda ochokera ku India, ena ankamwa pofuna kuti abereke bwino. Mtovu umadutsa kwa mayi kupita kwa mwana, umapangitsa kupita padera ndiponso kuwononga ubongo wa mwana. Ngati ku America kumene amayeza katundu zinadutsa, nanga paketi yopanda dzina la kampani ndi tsiku lothera ntchito, yogulidwa pansi pa mtengo wa mango?

Chochita n'chachidule. Mwezi ukadumpha, yezetsani mkodzo. Kachipangizo kake kamapezeka m'mafamase, ndipo kuchipatala amayezanso. Ngati mulibe pakati koma miyezi itatu yadutsa osasamba, pitani akakupimeni. Pa cham'mimba, chimodzi mwa zitsamba za Ayurveda chomwe chayesedwa ndi jinja, yemweyo tili naye kudimba. Pa kafukufuku wa ku Iran wa 2009, ophunzira amene ankamwa ufa wa jinja wokwana mamiligalamu 250 kanayi pa tsiku, masiku atatu oyamba a msambo, anapeza mpumulo wofanana ndi omwe ankamwa ibuprofen. Sinjani kachidutswa, wiritsani, imwani ngati tiyi, ndipo ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje pa chinena. Koma ululu ukamakulepheretsani kupita kumunda mwezi ndi mwezi, mukamanyowetsa nsalu kapena padi ola lililonse, mukamaona magazi mutagona ndi abambo kapena mutasiya kale kusamba, siyani tiyi, pitani akaone zotupa za m'chiberekero ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ngati botolo munayamba kale kumwa, litengeni popita, adokotala akawerenge zomwe zilimo.