Kafukufuku wa m'kalasi mwanu: yambani ndi funso limodzi

Aphunzitsi anzanga a ku Mabvuku, Tafara, Mbare ndi Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mwana akamasinza m'kalasi timafulumira kunena kuti ndi waulesi. Musanamupatse dzina limeneli, yambani mwafufuza. Kafukufuku amene ndikunena pano safuna ndalama kapena kompyuta. Kope limodzi ndi kaundula wa kalasi n'zokwanira.

Sankhani funso laling'ono loti muliyankhe teremu isanathe. Lakuti "N'chifukwa chiyani ana akulephera?" ndi lalikulu kwambiri, mudzangotopa nalo. Koma lakuti "Kodi amene amafika mochedwa ndi omwewo amene masamu akuwavuta?" limayankhika.

Kwa milungu itatu, lembani zimene mukuona osasintha kanthu: amene wachedwa, amene wajomba, amene wasinza ndi nthawi yake, ndi mmene aliyense wakhozera pa kamayeso ka Lachisanu. Manambalawo angokuonetsani kuti vuto lilipo, koma chifukwa chake amachidziwa ndi mwanayo. Apa ambiri timathamanga, chonsecho mpamene pagona ntchito yonse. Muitanireni pambali, osati pamaso pa anzake. Ngati kwawo amalankhula Chichewa, mufunseni m'Chichewa, pakuti mwana amamasuka m'chilankhulo cha agogo ake, ndipo malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ku Mabvuku ndi Tafara, kumene mipopi yakhala youma kwa zaka zambiri, mtsikana angakuuzeni kuti anadzuka mbandakucha kukaima pamzere wa pamjigo. M'masukulu a hot-seating, momwe ana amaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana, gulu lamasana limalowa dzuwa lili paliwombo, ena m'mimba mulibe kanthu. Wina amazemba chifukwa fizi sinaperekedwe ndipo dzina lake silili pa BEAM, ndondomeko ya boma yolipirira fizi ana osauka, osadziwa kuti lamulo la maphunziro lomwe linakonzedwa mu 2020 limaletsa kuthamangitsa mwana pa nkhani ya fizi. Zimandiwawa kuti zoterezi timazilemba kuti "ulesi" pa lipoti.

Mukadziwa chifukwa, sinthani chinthu chimodzi chokha. Mwina kusuntha masamu kuti asakhale oyambirira m'mawa, mwina kukhazika wochedwayo pafupi ndi mnzake womuonetsa zimene zamupita. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Lembaninso milungu ina itatu, kenako yerekezani. Chenjerani pomasulira: ngati madzi anabwera sabata imeneyo, kapena chisanu cha June ndi July chatha, ana angayambe kufika msanga popanda dzanja lanu. Zotere zilembeninso m'kopemo. Zikakanika musabise, sankhani china muyesenso.

Musanayambe, dziwitsani mphunzitsi wamkulu ndi makolo. M'kope lembani nambala m'malo mwa dzina la mwana, ndipo kopelo lizikhala potsekeka. Zimene mwana wakunong'onezani zisafike pa gulu la WhatsApp. Akaulula kuti akuchitidwa nkhanza, imeneyo si nkhani ya kafukufukunso: kauzeni akuluakulu a sukulu tsiku lomwelo, ndipo nambala yaulere ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116.

Zimene mwapeza zikukhudza kalasi yanu yokha, choncho pamsonkhano wa aphunzitsi zifotokozeni modzichepetsa, kuti mnzanu akayese kwake. Inu a Grade 7, yambani teremu yoyamba, sukulu zikangotsegulira mu January. Mukadikira teremu yachitatu, mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a dziko lonse, adzakupezani musanasinthe kalikonse.