Nkhuku ya mu slow cooker: madzi achepe, chivundikiro chisavundukulidwe

Ambiri amene agula slow cooker, poto wamagetsi uja wophika pang'onopang'ono, amadandaula kuti nkhuku imatuluka yoyera mbuu, msuzi uli pwaa ngati madzi. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti amamuphikira ngati poto wa pa sitovu. Poto ameneyu amachedwa kutentha, komanso sataya nthunzi, ndipo kaphikidwe kake konse kamatsamira pa zinthu ziwiri zimenezi.

Tiyambe ndi nyama. Sankhani ntchafu. Ntchafu zili ndi mafuta ndi mitsempha imene imasungunuka ikaphikidwa nthawi yaitali, motero zimafewa mpaka kuchoka zokha pa fupa. Nyama ya pachifuwa ili ndi mafuta ochepa, ndiye ikakhala tsiku lonse mu poto imauma n'kumangosanduka ulusi m'kamwa ngakhale itamira mu msuzi. Khungu lichotseni, chifukwa mu nthunzi silikhwima, limangolobodoka n'kudzaza mafuta pamwamba pa msuzi.

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse: nkhuku youma ndi madzi oundana, yochokera mu firiza, isalowe mu poto ameneyu. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, monga Salmonella, timaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius. Poto wochedwa kutentha, mukamuikiranso nyama youndana, amaisunga nyamayo pa kutentha koopsako kwa maola ambiri. Choncho itsitseni mu firiji dzulo lake kuti isungunuke bwinobwino. Musaitsuke pa mpope, popeza madzi othovokawo amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa tebulo. Ipukuteni ndi pepala la kukhitchini, kenako sambani m'manja ndi sopo.

Chakudya cha anthu anayi chimafuna ntchafu 8, mbatatesi 4 zapakatikati, karoti 3, anyezi mmodzi wamkulu, adyo, tomato wodula, mchere ndi tsabola. Mbatatesi ndi karoti muzidule zidutswa zofanana n'kuziyala pansi penipeni. Ambiri amadabwa akamva kuti mu poto ameneyu mbatatesi imachedwa kupsa kuposa nyama, koma ndi mmene zilili, n'chifukwa chake iyenera kukhala pafupi ndi pamene pakuchokera kutentha. Nkhuku ibwere pamwamba. Ngati muli ndi mphindi 10, yambani mwaikazinga m'mafuta pang'ono pamodzi ndi anyezi kuti ifiirire. Mukhoza kudumpha zimenezi chakudya n'kupsabe, koma ine sindidumpha, chifukwa kununkhira kwa msuzi kumachokera pamenepo ndipo poto yekha sangakubweretse.

Tsopano madzi. Theka la kapu ndi lokwanira, mukachulukitsa isapitirire kapu imodzi. Mudzaona ngati achepa ndipo dzanja lidzafuna kuwonjezera. Limbani mtima. Nkhuku, anyezi ndi tomato zimatulutsa madzi awoawo, nthunzi ikagunda chivundikiro imagweranso momwemo, ndiye pofika madzulo msuzi udzakhala wochuluka kuposa umene munathira. Zonse pamodzi zifike pa theka la poto kapena kupitirira pang'ono, koma zisadutse magawo awiri mwa atatu.

Vundikirani. Pa batani la Low (kutentha kochepa), ntchafu zimatenga maola 5 mpaka 6, pa High (kutentha kwambiri) maola 3 mpaka 4. Nyama ya pachifuwa, ngati ndiyo muli nayo, yambani kuiyang'ana pakatha maola 3 pa Low. Batani la Warm ndi losungira chakudya chopsa kale kuti chisazizire, osati lophikira. Ndipo chonde musamavundukule kuti muone kapena kutakasa. Nthawi iliyonse imene mwavundukula, kutentha kumathawa ndipo poto amatenga mphindi pafupifupi 20 kuti abwerere pamene anali.

Kupsa kwa nkhuku musakuweruze ndi maso okha. Kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama mukakabaya pamalo ponenepa, osakhudza fupa, kasonyeze madigiri 74 kapena kuposa. Ngati msuzi uli wamadzimadzi, sungunulani supuni imodzi ya ufa wa tirigu m'madzi ozizira pang'ono, thirani, ikani pa High kwa mphindi 20 mpaka 30. Mkaka, kirimu ndi masamba anthete nazonso zilowe kumapeto komweku, chifukwa mkaka umadukaduka ukaphikidwa nthawi yaitali. Mchere mulawe pomaliza.

Wofuna kuwonjezera nyemba zofiira zouma asaziike zosaphika. Zili ndi poizoni amene amafa pokhapokha zikabwata mwamphamvu, ndipo poto ameneyu sazibwatitsa mokwanira. Zinyikeni, zibwatitseni pa sitovu kwa mphindi 30, kenako muziike.

Magetsi akathima muli pomwepo, samutsirani chakudyacho pa moto wina nthawi yomweyo n'kumaliza kuphika. Akathima inu kulibe ndipo simukudziwa kuti padutsa nthawi yotani, chitayeni ngakhale chikuoneka chakupsa. N'zopweteka kutaya nkhuku, ndikudziwa, koma fungo ndi maonekedwe sizikuuzani ngati tizilombo taswana.

Zotsala muziike m'zotengera zosazama n'kulowetsa mu firiji maola 2 asanathe, ndipo zidyedwe pasanathe masiku 3 kapena 4. Pozitenthetsa gwiritsani ntchito sitovu kapena microwave mpaka zitatentha kwambiri, osati slow cooker. Mphika wamkati wa slow cooker muusiye uzizire kaye musanauthire madzi ozizira, kuopa kuti ungang'aluke.