Kukwera phiri lankhalango nkutsika tsiku lomwelo, mmene mungakonzekere

Amene mukufuna kukwera phiri lalitali lodzaza mitengo, kunyamuka mbandakucha kukafika pansonga nkubwerera tsiku lomwelo, musanaganize za nsapato kapena chikwama khalani kaye pansi muwerengere maola. Ambiri amangofunsa kuti ndi makilomita angati basi, akamva zoti 24 amati aaa pamenepo timayenda ife. Koma 24 ya mumsewu ndi 24 ya paphiri sizifanana olo pang'ono, chimene chimadya nthawi ndi kukwera kupita m'mwamba kuja.

Pali kawerengedwe kakale kamene anayambitsa William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, mu 1892 ndipo mpaka lero anthu akukagwiritsabe ntchito. Mumaika ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kenako nkuwonjezera ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Nde tiyese: ulendo wa makilomita 24 kupita ndi kubwera, okwera mamita 1,500. Makilomitawo akudya pafupifupi maola 5, kukwerako maola awiri ndi theka, zonse pamodzi 7 ndi theka. Koma dziwani kuti Naismith ankawerengera munthu wamphamvu, woyenda panjira yabwino komanso osapuma. Inu mupuma, mudya, mumanga zingwe za nsapato, mudumpha mitengo yakugwa, mudutsa pamatope. Ine munkhalango ndimawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu, nde ulendo umenewu ndimautenga ngati wa maola 10, ndipo ngati pagulupo pali woyamba kumene ndimaika 11.

Mukapeza maolawo onani nthawi imene dzuwa likulowa tsiku limenelo, muchotsepo ola lathunthu chifukwa pansi pa mitengo yothithikana mdima umagwa msanga, kunja kukuwalabe inu simukuonanso muzu umene uli patsogolo panu. Kuchoka apo werengani chobwerera m'mbuyo maola amene mudzafune potsika, mupeze nthawi yotembenukira. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse abale. Nthawi yotembenuka mumagwirizana muli pansi, mitu ili bwinobwino, osati muli m'mwamba mutatopa. Mukati 1 koloko masana, ikakwana 1 koloko mutembenuke, kaya mwafika kaya kwatsala pang'ono. Mawu akuti "kwatsala pang'ono" amenewa agonetsa anthu ambiri kutchire opanda chofunda, chifukwa munthu akatopa ndipo wayenda kale maola 6 mtima sulola kubwerera, amangoti tiwonjezere mphindi 20, kenako zina 20, osakumbukira kuti njira yonse ija ikumudikira potsika ndi miyendo yotha kale.

Zokonzekeretsa thupi sindichulukitsa. Yambani kudakali masabata 6 kapena 8, muziyenda maulendo otalikirapo sabata iliyonse mutabereka chikwama chomwecho chimene mudzanyamule, pezani chitunda kapena masitepe muzikwera ndi kutsika. Kutsikako musakunyalanyaze, ntchafu zimafunika kuzolowera kugwira buleki.

Nsapato zikhale zoti mwayenda nazo kale kangapo, zatsopano zongochotsa m'bokosi ayi. Kutsogolo kwa zala kutsale mpata ngati wa chala chachikulu cha kumanja, poti mapazi amatupa mukayenda tsiku lonse ndipo potsika zala zimakankhira kutsogolo. Wengani zikhadabo kudakali masiku awiri. Sokosi tengani ziwiri zina zapadera, ndipo mukangomva penapake paphazi payamba kutentha imani pompo mumatepo pulasitala, osadikira kuti thuza lituluke, mphindi zitatu zimenezo zimapulumutsa tsiku lonse.

Zovala nde pamene ambiri amapusitsidwa ndi nyengo yapansi. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutanthauza kuti paphiri lathu lija pansonga pakhala pozizira ndi madigiri pafupifupi 10 kuposa poyambira, musanawerengere mphepo ndi nkhungu. Malaya a thonje amamwa thukuta nkukhala onyowa tsiku lonse, mukaima amakuzizirani pamsana, bola nsalu zouma msanga ngati za masewero zija. Mchikwama mukhale juzi ndi jekete yamvula ngakhale kutacha kopanda kamtambo. Mukaona mnzanu akunjenjemera osasiya, akulankhula zosamveka, akulephera kukoka zipi, ameneyo thupi layamba kuzizira moopsa, muvuleni zonyowa mumuveke zouma, adye kanthu kashuga ndipo ulendo wokwera wathera pomwepo.

Madzi amalemera, lita imodzi ndi kilo imodzi, nchifukwa chake anthu amanyamula ochepa. Pa ulendo wa maola 10 ine sindinyamuka ndi osakwana malita atatu, kukatentha ndimawonjezera, ndipo ndimamwa pang'onopang'ono pafupipafupi osati kudikira kukhosi kuume. Thukuta limatulutsanso mchere nde musamangomwa madzi okhaokha, muzidyako zamchere, apo ayi mutu uyamba kuwawa, nseru, kufooka kosadziwika bwino. Madzi a mumtsinje wa munkhalango amaoneka oyera mbee koma simukudziwa chimene chili kumtunda kwake, gwiritsani ntchito sefa kapena mapilitsi oyeretsera madzi. Chakudya chikhale chosafuna kuphika, mtedza, buledi, zipatso, ndipo muzidya pang'ono ola lililonse ngakhale njala musakuimva. Sungani kena koti simukhudza mpaka mutatsika, kangozi.

Tsiku lisanafike uzani munthu mmodzi wodalirika amene akutsala: njira imene mudzere, anthu amene muli nawo, nthawi imene mukuyembekeza kutsika, ndi nthawi imene ayambe kuitana thandizo mukapanda kuyimba. Fufuzaninso ngati phirilo limafuna chilolezo kapena wolondolera njira, ndipo ngati simunafikeko ndi kale lonse mutengeni wolondolerayo ndithu.

Ponyamuka yambani pang'onopang'ono kuposa mmene mukufunira. Ola loyamba thupi limakhala ndi changu, nde ukathamangira umalipira masana. Muyeso wake ngosavuta, ngati simungathe kucheza ndi mnzanu popanda kubanika mukufulumira. Pachitunda ponyani mapazi pafupipafupi, phazi lonse lizitera pansi osati zala zokha. Kupuma kukhale kwa mphindi 5 kapena 10 pa ola, mukakhalitsa miyendo imauma kudzuka kwake kumavuta. Woyenda pang'onopang'ono pagulu azikhala kutsogolo, osati kumusiya m'mbuyo yekha nkumamudikira, iye akangofika inu nkunyamukanso asanapume nkomwe, zimenezo zimandiwawa kwambiri ndikaziona.

Tsono nkhalango ili ndi vuto lake lake. Paphiri loyera umaona kumene ukupita, munkhalango mbali zonse zimafanana, mitengo yokhayokha, ndipo tinjira ta nyama kapena todutsa madzi amvula timaoneka ngati njira yeniyeni. Pamphambano iliyonse imani mucheuke, muone mmene malowo akuonekera kwa munthu wotsika, chifukwa madzulo mudzawaona kuchokera mbali imeneyo, mukhozanso kujambula pafoni. Mapu muwasungiretu mufoni muli kunyumba, GPS imagwira ngakhale palibe netiweki, koma foni ikamasakasaka netiweki batire imatha msanga nde iikeni pa airplane mode, mutengenso pawabanki. Tochi ikhale yakeyake yovala pamutu ndi mabatire apadera, ya pafoni musaidalire. Mukazindikira kuti mwasochera imani pomwepo, khalani pansi mumwe madzi mtima ukhazikike, kenako bwererani pamalo omaliza amene munali otsimikiza. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukutsitsani, kumapiri mitsinje imakathera pa mathithi ndi maphompho. Wenzulo imamveka patali kuposa kukuwa ndipo siitopetsa, imbani katatu, dikirani, imbaninso.

Mudzakumananso ndi nsonga zabodza. Mitengo ikuyamba kufupika, kumwamba kukuwala, mtima ukuti tafika, mukatulukira nkupeza chitunda china chikukudikirani. Zimafooketsa zedi, mankhwala ake nkuyang'ana pa mapu kuti muli pa mamita angati osati kudalira maso. Ndipo ndikuuzirenitu, mapiri ena ankhalango pansonga pake sipaoneka kutali, pali mitengo, mwala kapena kachikwangwani basi, malo oonera bwino amatha kukhala m'munsi pang'ono. Ine ndimakondabe, bata la pamenepo, fungo la masamba onyowa, ndere zolendewera panthambi, mbalame zimene pansi simuzimva. Mukafika valani jekete nthawi yomweyo thukuta lisanazizire, idyani, sinthani sokosi, mphindi 20 kapena 30 zakwana.

Maso akhalenso kumitambo. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi, akakhala osakwana 30 chokani pansonga ndi pamisana ya phiri, musabisale pansi pa mtengo wautali woima paokha. Ngati phirilo lapitirira mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, ameneyo asakwerenso, atsike.

Potsika ndi pamene pamafunika nzeru zonse, poti thupi latopa, maganizo ali kale kunyumba, ndipo phazi lililonse mawondo akulandira kulemera kwanu konse ndi chikwama chomwe. Musanayambe mangitsani zingwe za nsapato cha pa akakolo kuti phazi lisamaselerekere kutsogolo. Mawondo akhale opindika pang'ono, mapazi pafupipafupi, osatsamira chagada chifukwa ndi mmene zidendene zimaterereka. Muzu wonyowa ndi chipika chandere musapondepo, pondani padothi pakati pa mizuyo, ndipo musanagwire nthambi iyeseni kaye, zambiri munkhalango zimakhala zowola mkati. Ndodo ziwiri kapena imodzi yolimba imathandiza mawondo kwambiri. Pamalo otsetsereka kwambiri tembenukani cham'mbali kapena khalani pansi mutsike ndi matako, palibe chamanyazi pamenepo. Musadule makona a njira yokhotakhota, mumakumba nthaka mvula nkudzaikokolola komanso ndi mmene anthu amatayira njira. Pitirizani kudya ndi kumwa, ambiri amasiya akangoyamba kutsika nde maola awiri omaliza amayenda miyendo ikunjenjemera, apa mpamene akakolo amabinya. Mdima ukakupezani musathamange, yatsani tochi musanafike posaona, yandikiranani, muziwerengana pamphambano iliyonse.

Pansi pakhale zovala zouma ndi madzi ena okudikirani, zinyalala zanu zonse zikhale mchikwama kuphatikiza makoko a zipatso, ndipo netiweki ikangobwera muyimbireni munthu uja asanayambe kusakasaka. Ngati pali woyendetsa galimoto apume kaye ndi kudya asanagwire chiwongolero. Ntchafu zidzawawa kwambiri tsiku lachiwiri kuposa loyamba, muziyendako pang'ono pamalo afulati zimamasuka pakatha masiku ochepa.