Momwe mungamupezere ntchito ya manja mwana amene sukulu ikumukanika kuno ku Harare

M'mabanja athu ambiri a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth muli mnyamata kapena mtsikana amene amadzuka aliyense asanadzuke, amakapanga mzere ku mjigo osadandaula, mukamutuma sabwerera panjira, koma za m'kalasi sizimulowa. Zotsatira za ZIMSEC, bungwe la mayeso a sukulu muno mu Zimbabwe, zikatuluka pakhomo pamakhala zii. Makampani akuluakulu akamatenga ana oti awaphunzitse ntchito amafuna maphunziro 5 a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndiye khomo limenelo kwa mwana wotereyu ndi lotseka. Makomo ena alipo. Ine ndinayenda njira imeneyi ndi mwana wa achemwali anga, amene lero akuika matailosi ndipo akudya thukuta lake, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zimayendera.

Choyamba, lekani kumulembetsa mayeso mobwerezabwereza. Kubwereza kamodzi ndi bwino, koma ena timalipira June, kulipiranso November, chaka chamawa chimodzimodzi, phunziro lililonse ndi madola ake, mwana n'kumangofota. Ndalama imeneyo isungeni, idzagula zida. M'malo mwake muyang'anitsitseni pakhomo pomwepo. Mupatseni tepi ayeze chitseko, mawa ayezenso, muone ngati akupeza nambala yomweyo. Muonetseni kamodzi kukonza mpopi wodontha, muone ngati sabata yamawa manja ake akukumbukira. Onaninso ngati amapirira ntchito yobwereza chinthu chimodzi tsiku lonse, ngati phokoso limamusokoneza, ndiponso ngati amatha kunena kuti "sindinamve". Ambiri mwa ana amenewa amavomera ndi mutu pomwe sanamve, chifukwa anatopa ndi kusekedwa. Ngati vuto lake ndi lalikulu, loti ngakhale kukwera kombi (minibasi) yekha n'kovuta, pemphani ahedi a pasukulu yake akutumizeni kwa akatswiri a ku unduna wa maphunziro amene amayeza ana, ndipo mufunsenso ku Zimcare Trust, bungwe limene limasamalira ndi kuphunzitsa anthu otere, kapena ku Danhiko ku Msasa, malo ophunzitsa anthu olumala.

Chachiwiri ndi mapepala: kalata ya kubadwa ndi chitupa. Kwa ife adzukulu a anthu ochokera ku Malawi nkhaniyi tikuidziwa kuwawa kwake, chifukwa ambiri anakula ndi zitupa zolembedwa kuti mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi lili la dziko la SADC, ndipo iye mwini ankakhala momwe muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika. Pitani ku ofesi ya kalembera mukakonzetse, mulawire. Anyamata oima panja amene amati akudumphitsani mzere, asiyeni.

Tsopano kusankha ntchito. Funani ntchito imene masitepe ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku, imene munthu amaphunzira poona ndi pogwira, komanso imene kulakwitsa kwake kumakonzeka. Kupenta, kuika matailosi, kuumba zidina, kupaka pulasitala, kumata matayala, kutsuka magalimoto, kusamalira kapinga ndi maluwa ku mayadi a Borrowdale kapena Greendale, kuphika, kusoka mayunifomu, kuluka tsitsi, kuweta nkhuku za nyama zimene zimakhwima pa masabata 6. Ntchito ya m'munda wa maluwa ndi ya kukhitchini musainyoze, ndi imene agogo athu ambiri analerera mabanja mumzinda muno. Zimene ine sindilimbikitsa ndi zogwira ndalama za anthu. Anthu amaganiza kuti kugulitsa tomato pa Mbare Musika kapena ukondakitala ndi ntchito yophweka, pomwe chiyambire April 2024 pali ZiG, ndalama ya Zimbabwe, ndi dola ya America, wina akulipira pa EcoCash ya pa foni, wina akufuna chenji, mtengo wosinthira wa m'sitolo ndi wa pamsewu n'zosiyana. Mwana wochedwa masamu amaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, madzulo n'kumunena kuti ndiye wakuba. Zamagetsi nazo ayi: zimafuna kuwerengera, ndipo kulakwitsa kamodzi ndi maliro.

Gawo limene ndikufuna mulimvetsetse ndi la mmisiri womuphunzitsa. Apa ndi pamene zinativuta, ndipo ndaona kuti mmisiri ndi wofunika kuposa ntchito imene mwasankha. Amisiri ndi ambiri: owotcherera ku Siyaso, opala matabwa ku Glen View Area 8, amakanika ku Gazaland ku Highfield. Koma kudziwa ntchito ndi kudziwa kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri. Woyamba amene anatenga mnyamata wathu anali wowotcherera wodziwika, mageti ake okongola zedi, wolankhula mokoma. Anafuna ndalama ya maphunziro yonse pakamodzi, tinapereka. Miyezi inapita. Mnyamata ankabwera madzulo atatopa, manja akuda bii, ife n'kumati zikuyenda. Tsiku lina ndinadutsako osanena. Ndinamupeza akukankha ngolo ya zitsulo zakale kuchokera kutsidya la msewu, nsapato itang'ambika, kenako anamutuma kukagula sadza ya anyamata onse. Nditamufunsa pambali anati, "Amalume, makina sindinawagwirepo. Akuti ndiwononga ma rod owotcherera." Nthawi yonseyo anali wantchito waulere, ndipo ife ndi amene tinkalipira. Atayesa kufunsa kawiri chinthu chimodzi, anamutcha dzina lachipongwe pamaso pa anzake, iye n'kusiyiratu kufunsa. Ndalama sinabwerere.

Ndiye chitani chonchi. Musanalankhule ndi mmisiri, kaimeni chapatali muone mmene amayankhulira ndi anyamata ake wina akalakwitsa. Wokalipa, ngakhale akhale katswiri chotani, mudutseni. Mufunseni kuti anaphunzitsapo ndani, ali kuti lero, ndipo mukamuone munthuyo. Muuzeni zoona za mwana wanu poyamba pomwe: kuti amachedwa kumva, amafuna kumuonetsa kangapo, malangizo atatu pakamodzi amamusokoneza, koma akagwira wagwira ndipo sajomba. Mukabisa, mmisiri adzazitulukira yekha n'kuyamba kumuda. Pangano lilembedwe, ngakhale m'kope la sukulu, pakhale mboni, mwina mkulu wa mpingo kapena wa ku mzikiti: mwezi woyamba aphunzira chiyani, wachitatu azigwira chida chiti, ayamba liti kulandira kangachepe ka thiransipoti ndi nkhomaliro. Ndalama muzipereka mwezi ndi mwezi, mwana akakuonetsani ndi manja ake chimene waphunzira. Ndipo muzipitako mosayembekezeka. Kufunsa kuti "zikuyenda?" sikuthandiza, adzangoti eya. Muuzeni akuonetseni.

Wachiwiri amene tinamupeza ndi bambo wachikulire woika matailosi, wa kumpingo kwathu, wogwira ndi anthu awiri okha. Malo a anthu ochepa ndi abwino kwa ana otere kuposa shedi ya anyamata khumi. Bamboyu anayamba ndi kumuphunzitsa kusakaniza simenti ya matailosi basi, mpaka dzanja lake linadziwa kulimba kwake osayeza. Kenako kupaka ndi chipande cha mano, kenako kuika timitanda ta pulasitiki pakati pa matailosi, kenako kugogoda ndi hamala ya labala n'kumvetsera ngati pansi pali mphako. Kudula kunabwera pamapeto penipeni. Nambala za pa tepi zinkamusokoneza, ndiye bamboyo anamudulira kathabwa kolemba mizere, n'kumuphunzitsa kuika tailosi pamalo pake ndi kulemba ndi pensulo pomwe adule. Ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwerengera mabokosi ndi kupanga mtengo amachita ndi bamboyo mpaka pano, ndipo palibe cholakwika. Si aliyense ayenera kukhala bwana. Wothandiza wokhulupirika, wofika nthawi yake, wosaba simenti, amisiri amachita kumulimbirana.

Ngati mukufuna sukulu ya ntchito, Young Africa ku Chitungwiza ili ndi maphunziro aafupi a manja, ndipo boma lili ndi malo ophunzitsira achinyamata ntchito pansi pa unduna wa achinyamata. Pitani nokha mukafunse zimene akufuna chaka chimenecho, muonenso ngati ana akugwira zida kapena akungokopera pa bolodi. Chenjerani ndi timakoleji ta m'zipinda zam'mwamba m'tauni, tolonjeza satifiketi pa masabata ochepa ndi ntchito kunja. Makina osokera amodzi, ana makumi awiri. Funsani ngati ndi olembetsedwa ku boma, akayamba kuzungulira tulukani.

Akagwira ntchito zaka zingapo pali mayeso a boma a amisiri, trade test, oyambira kalasi 4 kukwera mpaka kalasi 1. Kalasi 4 yokha imamusiyanitsa kale ndi waganyu wamba. Mmisiri wake amulembere kalata ya zaka zimene wagwira, ndipo muzijambula pa foni ntchito iliyonse imene wamaliza.

Zida gulani pang'onopang'ono, osati zonse tsiku limodzi. Zakale za ku Siyaso ndi zotsika mtengo, koma pitani ndi mmisiri wake, ndipo chamagetsi chilichonse achiyatse muli pomwepo. Ma grinder ena owala bwino a pamsewu amapsa sabata yomweyo. Magalasi a m'maso ndi nsapato zolimba zikhale zoyamba, pamenepo musaumire. Lembani dzina pa chida chilichonse ndi penti, apo ayi anzake azibwereka osabweza, iye n'kumaopa kulonjerera.

Malipiro azilowa pa foni yake, koma wachibale mmodzi wokhulupirika aziona naye limodzi pakutha pa sabata. Nambala yachinsinsi asauze mnzake aliyense, ndipo asasainire pepala la ngongole ya munthu. Mulowetseni m'chipereganyu cha anthu odziwana. Akapeza ntchito pakampani, onetsetsani kuti akumudulira ya NSSA, thumba la boma la penshoni, komanso akumupatsa kapepala ka malipiro mwezi uliwonse.