Kukaona dzuwa likutuluka ku Chambe, pa phiri la Mulanje

Mwafunsa za ulendo wa kuchigwa cha Chambe. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Konzani nsapato zosaterera, juzi yokhuthala, bulangete, tochi, machesi, chakudya choti mukaphike nokha ndi ndalama zapamanja.

1. Fikani m'mawa ku Likhubula, m'munsi mwa phirili pomwe njira zokwerera ku Chambe zimayambira, mulembetse ku ofesi ya zankhalango, mupezenso wokuperekezani wodziwa phirilo.
2. Nyamukani isanakwane 10 koloko. Njira ya Skyline ndi yachidule koma imathetsa mpweya. Ine ndimakonda ya Chapaluka, yodzera pa Dziwe la Nkhalamba. Werengerani maola anayi kapena kuposerapo.
3. Mukagone ku nyumba ya alendo ya Chambe. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuchita mbuu, juzi ija musaisiye kumunsi.
4. Dzukani tambala woyamba, mukhale panja kusanayere. Musangoyang'ana kum'mawa kokha, chewukaninso muone thanthwe la Chambe likufiira dzuwa likangolimenya.
5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: chifunga cha chiperoni chikagwa, musayende kukafunafuna poonekera bwino. Njira imasowa pompo. Khalani pakhonde ndi tiyi wanu, mudikire wokuperekezani anene kuti kwayera.