Momwe mungathandizire mayi anu a kumudzi kuyamba kugwiritsa ntchito intaneti

Ana ambiri okhala m'tauni amaganiza kuti akangogulira mayi awo foni yamakono ndiye kuti nkhani yatha, koma akapita kumudzi pa Khirisimasi amapeza foniyo ili m'thumba la mdzukulu kapena la bambo a pakhomopo. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti Amalawi oposa 80 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo kumeneko chimene chimatchinga amayi si netiweki yokha ayi.

Yambani ndi umwini. Simu ya Airtel kapena TNM ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika cha mayiwo, osati chanu kapena cha bambo, chifukwa foni yokhala m'dzina la wina imasanduka yobwereka, ndipo wobwereka amachita kupempha kuti aigwire. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money asankhe okha, ndipo muwauze pamaso pa onse apabanja kuti foniyo ndi yawo.

Chachiwiri ndi chilankhulo, ndipo apa mpamene ambiri timalakwitsa. Pafupifupi zonse zolembedwa pa foni zili m'Chingerezi, pamene amayi ambiri a msinkhu umenewo sanapite patali ndi sukulu, kotero musayambe ndi kuwaphunzitsa kulemba. Aonetseni pa WhatsApp pamene amadina kuti ajambule mawu awo m'Chichewa, kenako muwasiye adine okha kangapo, ngakhale manja anu akuyabwa kufuna kuwalanda foniyo. Ndi bwinonso kupeza mnzawo wa ku banki mkhonde kapena ku Mvano amene anazolowera kale, popeza kwa mnzawo amafunsa momasuka, pamene kwa mwana wawo amachita manyazi kufunsa kachiwiri.

Ngati mudzi wanu sunafikidwe ndi magetsi a ESCOM, gulani sola yaing'ono, apo ayi foni izikagona masiku kumsika kumene amatchajitsa ndi ndalama. Bandulo muziwagulira ya mwezi, yomwe ndi ya WhatsApp yokha, ndipo muzimitse zoti makanema azidzitsitsa okha, chifukwa gulu limodzi la kumpingo likhoza kuimaliza m'masiku ochepa.

Musanabwerere ku tauni, achenjezeni za anthu oimba foni kuti awatumizira ndalama molakwitsa ndiye awabwezere, kapena kuti apambana mphoto. Gwirizanani kuti wina aliyense akatchula ndalama kapena nambala yachinsinsi, iwo azidula foniyo n'kuyamba aimbira inu.